Tabuleti ya Android kapena ya Windows: Mlimi Wotsogolera Agule Iti?

Ntchito ya mlimi wotsogolera yakula. Kale kope ndi cholembera zinkakwanira. Lero alangizi ndi mabungwe amafuna kuti mutumize mayina a alimi okutsatirani, zithunzi za munda wachitsanzo, ndi malipoti a mbozi kapena matenda a mbewu tsiku lomwelo. Alimi anzanu nawonso amafuna kuona ndi maso mmene manyowa amapangidwira kapena mmene mpunga umawokeredwa m'mizere. Pa foni yaing'ono anthu amachita kupanikizana mitu, ndipo ambiri amachoka osaona kanthu.

Ichi ndi chifukwa chake makalabu ndi alimi ena a ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka amaganiza zogula tabuleti. Vuto limayamba mukafika pa shopu. Wogulitsa amakuonetsani zipangizo ziwiri zofanana maonekedwe. Zonse ndi zaphanthiphanthi, zonse zili ndi galasi lokhudza ndi chala, ndipo zonse amazitcha tabuleti. Koma m'kati mwake ndi zosiyana kwambiri. Mukasankha molakwika, ndalama ya matumba angapo a mpunga imathera pa chipangizo chomwe chidzangokhala m'sutikesi.

Tsamba lino likuthandizani kusankha. Mfundo yaikulu ndi iyi: musayambe ndi kufunsa kuti yabwino ndi iti. Yambani ndi kufunsa kuti mudzagwira nayo ntchito yanji, mudzaitchaja kuti, ndipo ikawonongeka mudzaikonzetsa kuti.

Kusiyana kwa mitundu iwiriyi

Mtundu woyamba ndi tabuleti ya Android. Iyi ili ngati foni yamakono yomwe yangokula thupi. Mapulogalamu ake ndi omwewo a pa foni, ndipo mumawapeza pa Play Store. Zonse mumachita pokhudza galasi ndi chala. Zambiri zimakhala ndi polowetsa simukhadi ndi memore khadi. Ngati mumadziwa kugwiritsa ntchito WhatsApp pa foni, simudzavutika nayo. Makampani monga Samsung, Lenovo, Huawei ndi itel amapanga matabuleti a mtundu uwu, ngakhale ena atsopano a Huawei sabwera ndi Play Store.

Mtundu wachiwiri ndi tabuleti ya Windows. Iyi ndi kompyuta yeniyeni, ngati laputopu, koma anaipanga mooneka ngati tabuleti. Kawirikawiri imabwera ndi kiyibodi yochotseka. Chitsanzo chodziwika ndi Microsoft Surface. Imayendetsa mapulogalamu a mu ofesi monga Word ndi Excel mokwanira, imalumikizika mosavuta ku makina osindikizira mapepala, ndipo mutha kulemba nayo kalata kapena lipoti lalitali osatopa. Zambiri mwa izi sizikhala ndi polowetsa simukhadi.

Palinso iPad ya kampani ya Apple. Ndi yolimba ndithu, koma ilibe polowetsa memore khadi, mapulogalamu ena a zaulimi sayenda pamenepo, ndipo zipangizo zake zosinthira ndi zodula. Kwa mlimi wotsogolera si yoyenera kuyambira.

Chenjerani ndi zinthu zina ziwiri zomwe zimagulitsidwanso ndi dzina la tabuleti. China ndi kabolodi kojambulira zithunzi ndi cholembera chake, komwe sikagwira ntchito pakokha popanda kulumikiza ku kompyuta. China ndi tabuleti ya ana yokhala ndi masewera, yomwe mphamvu zake ndi zochepa. Zonsezi sizingakuthandizeni kumunda.

Funso loyamba: mudzagwira nayo ntchito yanji?

Khalani pansi ndi komiti ya kalabu, kapena ndi banja lanu ngati mukugula nokha, ndipo lembani ntchito zomwe mukufuna. Kenako zifanizeni ndi izi.

Kuonetsa makanema a ulimi. Bungwe la Access Agriculture lili ndi makanema ophunzitsa alimi m'zilankhulo zambiri, kuphatikizapo Chichewa, ndipo mutha kuwasunga m'chipangizo kuti muzionetsa popanda intaneti. Mitundu yonse iwiri ya tabuleti imaonetsa makanema. Koma ya Android ndi yopepuka kunyamula pa njinga ndipo batire yake imakhalitsa.

Kuzindikira tizilombo ndi matenda. Kuyambira nyengo ya 2016/17, mbozi za ntchemberezandonda za mtundu watsopano zakhala zikuvutitsa chimanga m'Malawi. Bungwe la FAO linapanga pulogalamu ya FAMEWS yolembera kuchuluka kwa mbozizi m'munda. Palinso pulogalamu ya PlantVillage Nuru, yomwe imayang'ana tsamba kudzera pa kamera n'kukuuzani ngati chinangwa chili ndi matenda kapena ngati chimanga chadyedwa ndi mbozi, ngakhale pamalo popanda netiweki. Mapulogalamu ngati awa anapangidwira mafoni ndi matabuleti. Pa Windows simungawaike mwachindunji.

Kulemba kalembera wa alimi ndi malipoti. Mabungwe ambiri amagwiritsa ntchito KoboCollect kapena ODK Collect potolera uthenga kumudzi. Mumadzaza fomu muli kumunda, ndipo imatumizidwa mukafika pamene pali netiweki. Mapulogalamu awiriwa amayenda pa Android pokha. Musanagule, funsani alangizi a ku EPA ya Golomoti kapena ya Mtakataka, kapena bungwe lomwe mumagwira nalo ntchito, kuti amagwiritsa ntchito pulogalamu iti.

Kulankhulana ndi alangizi ndi ogula mbewu. WhatsApp imayenda bwino pa tabuleti ya Android yokhala ndi simukhadi. Pa Windows imafuna kuti mukhale kale ndi foni yamakono yoti muilumikize nayo. Airtel Money ndi Mpamba nazonso zimafuna simukhadi. Dziwani kuti matabuleti ena okhala ndi simukhadi amalola intaneti yokha, osati kuimba. Yesani kuimba ndi kufunsa ndalama yotsala musanalipire.

Kulemba malo a munda. Matabuleti a Android okhala ndi simukhadi kawirikawiri amakhala ndi GPS, yomwe imathandiza kulemba pamene pali munda ndi kuyerekeza kukula kwake. Matabuleti ambiri a Windows alibe.

Kusunga mabuku a ndalama ndi kulemba makalata. Apa ndi pamene Windows imapambana. Taganizirani sikimu ya mthirira ya Bwanje Valley, ya mahekitala pafupifupi 800, yomwe imatenga madzi mu mtsinje wa Namikokwe. Mlembi wa gulu lalikulu ngati limeneli amasunga mayina ambirimbiri, mapuloti, ndalama za madzi, ngongole ndi matumba a mpunga olowa m'nkhokwe. Ntchito yotere imafuna Excel, kiyibodi ndi makina osindikizira. Excel ilipo pa Android, koma kulemba mizere mazanamazana ndi chala ndi ntchito yotopetsa ndipo zolakwika zimachuluka.

Mukaona mndandandawu, ntchito zisanu mwa zisanu ndi imodzi ndi za kumunda, ndipo zikukomera Android. Imodzi yokha, ya mu ofesi, ndiyo ikukomera Windows.

Funso lachiwiri: mudzaitchaja kuti?

Ku Golomoti kuli malo opangira magetsi a dzuwa a mphamvu ya 20 megawati omwe anayamba kugwira ntchito mu 2022. Magetsi amenewa amalowa mu mawaya a ESCOM n'kupita dziko lonse. Sizitanthauza kuti nyumba iliyonse ya pafupi ili ndi magetsi. Midzi yambiri yotalikira msewu wa M5 imadalira sola yapakhomo, kapena kukatchajitsa pa malo ochitira malonda.

Tabuleti ya Android imatchajidwa ngati foni, ndi chingwe cha USB cha mavoti 5. Batire yake imakhala pakati pa 5,000 ndi 8,000 mAh, kutanthauza kuti imafuna moto wochulukirapo pang'ono kuposa foni. Sola ya mawati 20 yokhala ndi potulukira USB imatha kuidzaza pa tsiku limodzi la dzuwa labwino. Pawabanki ya 20,000 mAh imadzaza tabuleti ya 7,000 mAh pafupifupi kawiri, osati katatu, chifukwa moto wina umatayika potchaja.

Tabuleti ya Windows imafuna moto wambiri. Kawirikawiri chaja yake imakhala ya mawati 45 mpaka 65, pa mavoti 15 mpaka 20. Potulukira USB wamba pa sola yaing'ono ya nyale ndi wailesi sipangaidzaze. Pamafunika magetsi a ESCOM, kapena sola yaikulu yokhala ndi batire ndi inveta. Chaja yake ikapsa kapena ikasowa, yofanana nayo simungaipeze pa msika wa Golomoti, pamene chingwe cha USB chimapezeka paliponse.

Kumbukirani miyezi ya Januwale ndi Febuluwale. Kumakhala mitambo masiku angapo otsatizana, sola imadzaza mochedwa, koma ndi nthawi yomweyo yomwe mbozi zili m'chimanga ndipo malipoti akufunika. Chipangizo chofuna moto wochepa ndicho chidzakhale choyaka pa nthawi imeneyi.

Funso lachitatu: idzapirira kutentha, fumbi ndi madzi?

Dera la kunsi kwa mapiri a Dedza ndi lotentha. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumafika madigiri 35, nthawi zina kupitirira. Opanga zipangizozi ambiri amalangiza kuti zizigwiritsidwa ntchito pamalo osapyola madigiri 35. Kutentha kumafooketsa batire msanga, ndipo nthawi zina imafufuma mpaka kutukula galasi.

Matabuleti ena a Windows ali ndi kafani m'kati ndi timabowo totulutsira mpweya wotentha. Timabowo timeneti timalowetsanso fumbi. Kiyibodi yochotseka nayo imawonongeka msanga ndi fumbi ndi chinyezi. Tabuleti ya Android ilibe fani, ndipo mabowo ake ndi ochepa.

Mtundu uliwonse womwe mwagula, tsatirani izi:

Musaisiye padzuwa, pa mpando wa galimoto kapena pafupi ndi malata.
Musatchaje masana dzuwa likuswa mtengo ngati chipangizo chatentha kale. Sola ikhale panja, tabuleti ikhale pamthunzi.
Gulani chikwama cha labala chokhuthala m'makona ndi kagalasi kotetezera sikirini tsiku lomwelo logula tabuleti.
Popita ku dimba kapena ku sikimu, ikeni m'jumbo yolimba yosabooka. Madontho a madzi pa galasi amasokoneza kukhudza, ndipo matope a m'manja amatseka potchajira.
Batire ikayamba kufufuma, lekani kutchaja ndipo pitani nayo kwa wokonza.

Funso lachinayi: ikawonongeka mudzaikonzetsa kuti?

Chomwe chimasweka kawirikawiri ndi galasi, kenako potchajira. Okonza mafoni a m'malo ochitira malonda amadziwa Android, chifukwa ndi yomwe amagwira tsiku ndi tsiku. Galasi la mtundu wodziwika amatha kuliitanitsa. Tabuleti ya Windows ikasweka, ulendo wake ndi wa ku Lilongwe, kudzera ku Salima kapena kukwera Khwekhwerere, ndipo galasi lake mwina adzachita kuliitanitsa kunja kwa dziko. Werengerani ndalama ya ulendo, ya kukonzetsa, ndi masiku omwe mudzakhale opanda chipangizo.

Musanagule, pitani kwa wokonza mafoni amene mumamukhulupirira ndipo mufunseni kuti ndi matabuleti ati omwe magalasi ake amapezeka. Yankho lake ndi lofunika kuposa mawu okoma a wogulitsa.

Zoyang'ana pogula tabuleti ya Android

Simukhadi ndi 4G. Matabuleti ambiri otchipa ndi a Wi-Fi yokha. Kumudzi kopanda Wi-Fi, tabuleti yotere imadalira foni ina kuti ipeze intaneti. Onani ndi maso anu polowetsa simukhadi. Lowetsani yanu, ya Airtel kapena TNM malinga ndi netiweki yomwe imagwira bwino m'mudzi mwanu, ndipo onani ngati chizindikiro cha 4G chikutuluka.

RAM. Iyi ndi mphamvu yoyendetsera mapulogalamu. Isachepere 4GB. Ya 2GB imaima mukatsegula kamera ndi fomu nthawi imodzi.

Malo osungira. Asachepere 64GB, ndipo pakhale polowetsa memore khadi yosungiramo makanema.

Kukula kwa galasi. La mainchesi 8 ndi losavuta kunyamula ndi kugwira ndi dzanja limodzi. La mainchesi 10, omwe ndi pafupifupi masentimita 25 kuchokera kona ina kufika kona ina, ndi labwino poonetsa gulu laling'ono la anthu okhala moyandikana. Ngati ntchito yanu yaikulu ndi kuphunzitsa, sankhani la 10. Tulukani nayo panja kuti muone ngati zolemba zikuoneka pa kuwala kwa masana.

Mawu. Sipika za tabuleti sizimveka patali pansi pa mtengo. Konzani ndalama ya sipika yaing'ono ya Bluetooth.

Kamera yakumbuyo. Jambulani tsamba kapena ndalama yachitsulo chapafupi. Ngati mitsempha ya tsamba sikuoneka bwino, alangizi sadzatha kuzindikira matenda pa chithunzi chanu.

Zaka za Android. Tsegulani Settings, pitani pa About tablet, ndipo onani nambala ya Android. Ikakhala yakale kwambiri, mapulogalamu monga WhatsApp adzasiya kuyenda posachedwa. Onaninso kuti Play Store ilipo ndipo ikutseguka.

Chenjerani ndi matabuleti opanda dzina lodziwika omwe pa katoni alemba manambala akuluakulu pa mtengo wotsika modabwitsa. Ena amasintha zolemba za m'kati kuti zizionetsa mphamvu zomwe palibe. Mtengo ukakhala wokoma mopitirira muyeso, bwererani.

Zoyang'ana pogula tabuleti ya Windows

Ngati ndinu mlembi kapena msungichuma wa kopaletivi yokhala ndi ofesi ndi magetsi, yang'anani izi: RAM ya 8GB, malo osungira a 128GB kapena kuposa, kiyibodi ndi chaja yake yeniyeni, ndi Windows 11. Kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo zipangizo zambiri zakale sizingalandire Windows 11. Zambiri zogwiritsidwapo kale ntchito zomwe zikugulitsidwa motchipa ndi za gulu limeneli.

Dzifunseninso ngati galasi lokhudza mukulifunadi. Ngati chipangizo chidzangokhala pa tebulo la mu ofesi, laputopu wamba imagwira ntchito yomweyo, kawirikawiri pa mtengo wotsika, ndipo okonza ake ndi ambiri.

Kugula yogwiritsidwapo kale ntchito

Achibale ambiri amatumiza kapena kubweretsa matabuleti kuchokera ku South Africa. Ena ndi abwino, koma samalani ndi izi.

Mwini wakale achotse akaunti yake ya Google inu mukuona, ndipo afufute zonse kuti iyambirenso ngati yatsopano. Akapanda kuchotsa akaunti, tabuleti imadzitseka ikafufutidwa, ndipo imafuna mawu achinsinsi a mwini wakale. Lowetsani simukhadi ya kuno, chifukwa zina zinatsekeredwa ku netiweki ya kunja. Imbani *#06# kapena onani mu Settings kuti mupeze nambala ya IMEI, ndipo ilembedwe pa lisiti kapena pa kalata ya mgwirizano pamodzi ndi dzina la wogulitsa. Musagule chipangizo chomwe wogulitsa sakufotokoza bwino komwe chinachokera. Chikapezeka kuti ndi chobedwa, mudzataya chipangizo ndi ndalama zomwe, komanso mudzayankha mafunso kupolisi. Pomaliza, onetsani kanema kwa mphindi 20 ndipo onani mmene batire yatsikira. Ikatsika kwambiri, batire yatha.

Werengerani ndalama zonse

Mitengo ya zipangizo zochokera kunja imasintha pafupipafupi, makamaka kuyambira pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Funsani mitengo m'mashopu atatu sabata yomwe mukufuna kugula. Pa mtengo wa tabuleti onjezerani chikwama, kagalasi kotetezera, memore khadi, sipika, pawabanki kapena sola, ndi bandulo ya mwezi uliwonse. Sungani padera ndalama yokonzetsera galasi kamodzi. Ngati ndalama yanu ikungokwanira tabuleti yokha, gulani yotsikirapo kuti zina zonsezi zitheke. Tengani lisiti, ndipo funsani kuti walanti ndi ya miyezi ingati ndiponso kuti mudzaibweza kuti ikavuta.

Kuti bandulo isathe msanga, sungani makanema nthawi imodzi pamene netiweki ili bwino, ndipo gawanani ndi alimi otsogolera anzanu kudzera pa memore khadi kapena Bluetooth. Zimitsani intaneti pamene simukuigwiritsa ntchito.

Ngati tabuleti ndi ya gulu

Katundu wa gulu wopanda malamulo amadanitsa anthu. Musanagule, gwirizanani ndi kulemba m'buku la kalabu: amene adzaisunge, amene angaibwereke ndi kwa masiku angati, amene adzalipire ikasweka, ndi komwe ndalama ya bandulo idzachokere. Onetsetsani kuti amayi ndi achinyamata a m'gulu aphunzitsidwa kuigwiritsa ntchito, osati wapampando yekha. Akaunti ya Google ikhale ya gulu, ndipo mawu ake achinsinsi awadziwe anthu awiri kapena atatu a m'komiti, kuti wosunga akasamuka zolemba zisapite naye. Ikani nambala yotsekera, chifukwa m'katimo muli mayina ndi manambala a anthu.

Musataye buku lanu lachikuto cholimba. Mayina a mamembala, ngongole ndi zosonkha zizilembedwabe pa pepala. Tabuleti itha kugwera m'ngalande kapena kubedwa tsiku lililonse.

Mwachidule

Ngati ndinu mlimi wotsogolera woyenda m'minda, wophunzitsa pansi pa mtengo ndi wotchaja ndi sola, gulani tabuleti ya Android yokhala ndi simukhadi ya 4G, RAM ya 4GB ndi malo osungira a 64GB.

Ngati ndinu mlembi wa kopaletivi kapena wa gulu loyang'anira madzi pa sikimu, muli ndi magetsi odalirika ndipo ntchito yanu ndi mabuku ndi makalata, sankhani Windows, ndipo yerekezani mtengo wake ndi wa laputopu wamba.

Ngati muli kale ndi foni yamakono ya Android yomwe ikuyenda bwino, ndipo simuonetsa makanema kawirikawiri, mwina tabuleti simukuifuna chaka chino. Mapulogalamu onse a kumunda omwe tatchula amayendanso pa foni. Sipika, memore khadi ndi pawabanki zitha kukukwanirani, ndipo ndalama yotsala ipite ku mbewu ndi feteleza.

Musanatulutse ndalama, kambiranani ndi alangizi a zaulimi a m'dera lanu, ndipo pitani ku shopu ndi munthu amene anagwiritsapo kale ntchito tabuleti.